Girizi Woyenera Mabering'i a Kalavani Yogonamo

Mvula ikangokata, msewu wochokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete umayamba kuona magalimoto a alendo atakoka makalavani ogonamo, ulendo wa kunyanja ya Malawi. Pofika ku Blantyre amakhala atadula makilomita opitirira 1,700. Tayala la kalavani la mainchesi 13 limayenda mamita osakwana awiri likazungulira kamodzi, ndiye kuti paulendo wonsewo limazungulira maulendo oyandikira 900,000, ndipo galimoto ikamathamanga makilomita 100 pa ola tayalalo limazungulira pafupifupi ka 870 pa mphindi imodzi. Tenti, thanki ya madzi, firiji, silinda ya gasi, zonsezo zimatsamira pa mabering'i awiri a mu habu iliyonse. Choletsa chitsulo kudya chitsulo chinzake m'menemo ndi girizi wongodzaza chikhatho.

Kalavani imazunza mabering'i kuposa galimoto yoikoka. Imakhala miyezi yambiri itangoima pabwalo, chinyontho chikulowa pang'onopang'ono, kenako tsiku limodzi n'kusenzetsedwa katundu ndi kuthamangitsidwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bering'i ya galimoto ikayamba kulira, dalaivala amaimva. Ya kalavani imalirira kumbuyo kopanda munthu, ndipo nthawi zambiri chizindikiro choyamba chimakhala utsi pagalasi loonera kumbuyo, mwinanso tayala likudutsa lokha m'mbali mwa msewu.

Asanapite kushopu, mwini kalavani ayambe wadziwa mtundu wa mabering'i amene ali nawo. Makalavani ambiri opangidwa ku Ulaya, okhala ndi ma akiselo a AL-KO kapena Knott, ali ndi bering'i yomata imene inatsekeredwa girizi wake kufakitale. Imeneyo sitsegulidwa ndipo sipakidwa kalikonse. Ikayamba kulira kapena kugwedera imangosinthidwa yonse, pamodzi ndi nati yake ngati buku likunena kuti natiyo simangidwa kawiri. Makalavani ambiri a ku South Africa, Australia ndi America ali ndi mabering'i osongoka mbali imodzi, aja a timipukutu tachitsulo toyenda m'kapu yopendekera, mtundu umene Henry Timken analembetsa umwini wake mu 1898. Amenewa ndiwo amachotsedwa, kutsukidwa ndi kupakidwa girizi watsopano, ndipo ndi amene nkhani ino ikunena. Nambala yake imadindidwa m'mbali mwa chitsulocho, monga LM11949, LM67048 kapena L68149, ndipo ndi bwino kuikopera papepala habu ikadali yotsegula.

Kenako buku la wopanga akiselo. Kampani ya Dexter ya ku Elkhart, m'chigawo cha Indiana, imene ma akiselo ake ali pansi pa makalavani ochuluka ku America, imalemba mosapita m'mbali: girizi akhale wa lithium complex, wa kulimba kwa NLGI 2, wosasungunuka kutentha kusanafike madigiri 215 a Celsius, wokhala ndi mankhwala opirira kupanikizika ndi oteteza dzimbiri. Amene buku lake linatayika, kapena anagula kalavani yogwiritsidwapo kale ntchito, sangasochere akatsata muyeso womwewo.

Gawo lotsatira ndi lodetsa manja. Kalavani ikwezedwe ndi jeke pamalo athyathyathya, ikhazikidwe pa chochirikiza cholimba, tayala la mbali inayo litsekerezedwe. Kachivundikiro ka habu kakachotsedwa, girizi wakale amanena zambiri. Wotuwa kapena woyererako, wofewa modabwitsa, ndiye kuti madzi analowa. Wakuda, wouma, wophwanyika tizibuma ndiponso wonunkha chopserera, ndiye kuti habu inatentha kwambiri. Akamupaka pakati pa zala ziwiri padzuwa n'kuoneka tinthu tonyezimira, chitsulo chayamba kudyeka ndipo girizi aliyense sangaipulumutse bering'iyo. Chimodzimodzi timizere ta dzimbiri totalikirana mofanana m'kati mwa kapu: pamenepo ndi pamene timipukutu tinatsamira kalavani ili chiimire ndi madzi m'kati. Zimene wapeza m'habumo ndizo zimuuze mwini wake mdani wamkulu wa kalavani yake, kaya ndi kutentha kaya ndi madzi.

Tsopano chitini. Girizi ndi zinthu zitatu zosakanizidwa: mafuta, amene ndiwo ochuluka ndipo ndiwo amafewetsa chitsulo, cholimbitsa, chimene chimagwira mafutawo kuti asayenderere n'kumawatulutsa pang'onopang'ono bering'i ikamazungulira, ndi mankhwala ochepa owonjezera. Dzina lalikulu la girizi limachokera ku cholimbitsacho, ndipo ndi mzere woyamba wofunika kuufunafuna pa chitini.

Girizi wa lithium wamba, amene anayamba kufala Clarence Earle atalembetsa umwini wake mu 1942, amasungunuka kutentha kukafika madigiri 190 kapena kuposerapo pang'ono. Ndi wabwino ndithu pa ngolo yaing'ono yopanda mabuleki. Wa lithium complex amapirira mpaka madigiri 260 kapena kuposa, n'chifukwa chake ndiye wazolowereka pa mahabu okhala ndi mabuleki. Wa calcium sulfonate complex amapirira kutentha koposa pamenepo, ndipo mphamvu yake yeniyeni ili pa madzi ndi dzimbiri, ngakhale madzi amchere. Pano pafunika maso, chifukwa palinso girizi wakale wa calcium wamba, wotsika mtengo, amene amayamba kusungunuka madzi asanawire n'komwe, cha m'ma 90 kapena 100. Mayinawo amafanana, koma ntchito n'zosiyana kutalitali. Wa polyurea amakonda kupezeka m'mabering'i omata ndi m'mamota a magetsi, ndipo wa dothi la bentonite sasungunuka konse, koma awiriwa sagwirizana bwino ndi anzawo.

Nambala ya kusungunuka isamunamize munthu. Imeneyo ndi malire pamene girizi amathera, osati pamene amagwirira ntchito bwino. Akatswiri a mafuta amawerengera kuti kutentha kukapitirira madigiri 70, madigiri 10 mpaka 15 aliwonse owonjezera amadula moyo wa girizi ndi theka. Ubwino wa girizi wa nambala yokwera ndi woti amasiya mpata waukulu pa tsiku loipa.

Mzere wachiwiri ndi kulimba. Bungwe la National Lubricating Grease Institute, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1933, linagawa girizi m'magulu kuyambira 000, amene ndi wamadzimadzi, mpaka 6, wolimba gwa. Amayeza posiya kachitsulo kosongoka kuti kamire mu girizi pa madigiri 25, n'kuona pamene kafika. Pa NLGI 2 kamamira mamilimita 26.5 mpaka 29.5. Kunena mwachidule, ndi kulimba kwa chiponde chosinjidwa bwino. Wofewa kuposa pamenepo amatha kudutsa pa silu, kamphira kotsekera girizi kuseri kwa habu, habuyo ikatentha, ndipo wolimba kwambiri amakankhidwira pambali n'kusiya timipukutu tikuyenda pouma. Pa kalavani yankho ndi 2.

Mzere wachitatu ndi zilembo ziwiri zimene ambiri saziyang'ana n'komwe. Muyeso wa ASTM D4950, wa mu 1989, unagawa girizi wa magalimoto pawiri. Zilembo LA ndi LB ndi za mfundo za pansi pa galimoto, pamene GA, GB ndi GC ndi za mabering'i a matayala. GC ndiye wapamwamba: amayenera kugwira ntchito kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro mpaka 160, kupirira kanthawi ngakhale pa 200, ndiponso kusasungunuka pansi pa 220. Amayesedwanso pomuthira madzi otentha, ndipo saloledwa kukokoloka kuposa magawo 15 pa 100. Chitini cholembedwa GC-LB chakhoza mayeso a mbali zonse ziwiri. Cholembedwa LB yekha si cha mu habu, ngakhale chitakhala ndi chithunzi cha lole yaikulu. Ndi zoona kuti girizi wina wabwino, makamaka wa ku Ulaya, sadindidwa chizindikiro chimenechi chifukwa amatsata miyeso ina. Zikatero munthu afufuze pepala la wopanga ndi kuona cholimbitsa, kulimba ndi nambala ya kusungunuka.

Kukhuthala kwa mafuta a m'kati nako kuli ndi gawo. Pa mahabu a kalavani, mafuta a ISO VG 100 mpaka 220 ndiwo oyenera. Okhuthala kwambiri, monga 460, anapangidwira makina olemera oyenda pang'onopang'ono, ndipo pa liwiro la pamsewu amangowonjezera kutentha. Opanga ena amabisa nambalazi m'dzina: Mobilgrease XHP 222 ndi mafuta a 220 pa kulimba kwa 2, chimodzimodzi Shell Gadus S3 V220C 2.

Mayina awiri omwewo akuthetsanso mkangano wa mtundu. Woyambayo ndi wabuluu, wachiwiriyo ndi wofiira, koma onse ndi a lithium complex. Mtundu ndi utoto basi. Mawu akuti "ndipatseni wofiira uja" amamveka tsiku ndi tsiku m'mashopu a zipangizo za galimoto, ndipo wogulitsa sachedwa kutsitsa chitini chofiira chilichonse chimene chili pafupi. Palibe lamulo lokakamiza opanga kuti wofiira akhale wa kutentha kapena wabuluu akhale wa m'madzi.

Ndiye agule uti? Yankho lili pa njira zimene kalavaniyo imayenda. Ya mabuleki, yoyenda kwambiri pa tala ndi m'mapiri, mdani wake ndi kutentha. Aliyense amene anatsikapo Khwekhwerere kupita ku Golomoti, chitunda cha Chiweta pamsewu wa M1 kapena chotsikira ku Chikwawa akudziwa mmene mabuleki amagwirira ntchito pamenepo, ndipo kutentha kwa dilamu ya buleki kumalowa mu habu mwachindunji. Kuwonjezera dzuwa la ku Tete mu Okutobala ndi Novembala, limene limapitirira madigiri 40, girizi amakhala pa mayeso enieni. Apa lithium complex, NLGI 2, GC-LB ndiye wosankha, ndipo ali ndi ubwino wina umene mabuku satchula kawirikawiri: amapezeka m'mashopu ambiri a zipangizo za galimoto.

Kalavani yowoloka mitsinje, yoyenda m'matope nthawi ya dzinja kapena yoimikidwa nthawi yaitali m'mphepete mwa nyanja, mdani wake ndi madzi. Habu yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala n'kukoka madzi kudzera pa silu. Apa calcium sulfonate complex amaposa, ndipo kukwera mtengo kwake kuli ndi chifukwa. Gulu la Ceran la TotalEnergies ndi chitsanzo cha girizi wa mtundu umenewu, ngakhale kuti m'gulumo muli a kulimba kosiyanasiyana, moti chitini chiwerengedwebe. Mawu akuti "marine" paokha satsimikizira kanthu za cholimbitsa, chifukwa ena otchedwa choncho ndi a lithium complex, ena a aluminium complex. Komanso girizi wabwino chotani salowa m'malo mwa kudikira mphindi zingapo kutsidya lino kuti mahabu azizire asanawoloke.

Pali awiri oyenera kusiyidwa pa shelefu. Woyamba ndi girizi wakuda wa moly, amene ndi katswiri pa zitsulo zokhulana pang'onopang'ono pansi pa katundu wolemera, monga ma CV joint ndi mapini a makina okumba. Opanga mabering'i ambiri salimbikitsa girizi wa moly wochuluka pa timipukutu tothamanga. Wachiwiri ndi uja wogulitsidwa moyeza, wochotsedwa mu dilamu n'kuikidwa m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina. Pa njinga yakapalasa kapena wilibala palibe vuto. Mu habu ya kalavani, munthu sangadziwe cholimbitsa chake, ndipo fumbi limene lagweramo padzuwa ndilo limene akufuna kuthawa.

Chovuta kwambiri pa nkhani yonseyi ndi kusakaniza. Zolimbitsa ziwiri zosagwirizana zikakumana, girizi amatha kufewa n'kuyenderera, kapena kuuma n'kuleka kutulutsa mafuta, ndipo zimachitika habu itatentha, kutali ndi kwawo. Lithium wamba ndi lithium complex kawirikawiri amagwirizana. Polyurea ndi lithium nthawi zambiri ayi, ndipo wa bentonite sagwirizana ndi pafupifupi aliyense. Matchati osonyeza kugwirizana alipo pa intaneti, koma amatsutsana okhaokha m'malo angapo, chifukwa mankhwala owonjezera nawo amasintha zotsatira. Njira yosataya nayo tulo ndi imodzi: ngati mwini wake sakudziwa girizi amene ali m'habumo, achotse yense.

Kuchotsako ndi motere. Pini ya nati iwongoledwe ndi kuzulidwa, nati ndi washala zichotsedwe, bering'i yakunja itsetsereke m'manja, ndipo habu ikokedwe. Silu yakale imazulidwa kuti bering'i yam'kati ituluke, ndipo siibwezeretsedwa. Zonse zitsukidwe ndi palafini ndi kaburashi, osati petulo, mpaka palafini wotsukirayo azituluka woyera, kenako ziumitsidwe bwinobwino popeza palafini wotsalira amasungunula girizi watsopano. Wogwiritsa ntchito mpweya wa kompuresa asalole bering'i youma kuzungulira ndi mpweyawo. Kulira kwake kumasangalatsa anyamata a pagalaja, koma kumakanda timipukutu ndipo nthawi zina bering'i imamwazika. Mabering'i a kumanzere asasokonezedwe ndi a kumanja, chifukwa iliyonse inazolowerana ndi kapu yake. Ikakhala ndi tizibowo, mabala abuluu a kupsa kapena dzimbiri, isinthidwe pamodzi ndi kapuyo.

Kupaka kumafuna kuleza mtima. Makaniko wodziwa ntchito amaika chibuma cha girizi pachikhatho chamanzere, n'kugwira bering'i ndi dzanja lamanja mbali yotambalala ili pansi. Amaikanikiza m'mphepete mwa chibumacho ngati akupala, kawiri, katatu, kanayi pamalo amodzi, mpaka girizi atatumphukira pamwamba pakati pa timipukutu. Akatero amaitembenuza pang'ono n'kuyambanso, mpaka atazungulira yonse. Kungopaka kunja kuti iwoneke yonona ndi kudzinamiza, chifukwa m'kati mumakhala mouma. Zilipo zipangizo zotsika mtengo zokankhira girizi mu bering'i, ndipo zimachita zomwezo mwaukhondo. Kapu ipakidwe pang'ono, m'mimba mwa habu mupakidwenso koma musadzazidwe thothotho, popeza girizi wochuluka amatakasika, kutentha, n'kukankha silu. Mlomo wa silu yatsopano upakidwe pang'ono, ndipo siluyo ikhomedwe mowongoka ndi kathabwa pamwamba. Girizi akakhudza nsapato za buleki, nsapatozo zatha ntchito.

Girizi wabwino amapita pachabe nati ikamangidwa molakwika. Njira ya Dexter ndi iyi: nati imangidwe mpaka ma newton-mita pafupifupi 68 habu ikuzunguliridwa ndi dzanja kuti mabering'i akhazikike, kenako imasulidwe habu osaisuntha, imangidwenso ndi zala zokha mpaka itangogwira, ndipo ibwezedwe m'mbuyo pang'ono mpaka bowo la pini litaonekera. Pini ikhale yatsopano. Mabering'i osongokawa amafuna kampata kochepetsetsa, pakati pa mamilimita 0.025 ndi 0.13, koti munthu akagwedeza tayala angokamva patalipatali. Kumanga kwambiri poopa kuti tayala lingachoke ndiko kumawotcha mabering'i ambiri atsopano.

Mahabu ena ali ndi kansonga kopopera girizi. Pa mtundu wa E-Z Lube, girizi amadutsa m'bowo la m'kati mwa akiselo, kufika ku bering'i yam'kati, n'kubwerera kutulukira kutsogolo akukankha wakale. Popopa, tayala likhale m'mwamba ndipo lizizunguliridwa, pampu ikhale yamanja, ndipo kupopa kukhale kodekha, kupanda kutero silu imaphulika girizi n'kudzaza mu dilamu ya buleki. Wa Bearing Buddy ndi wina: ali ndi sipuling'i yosunga kupanikizika pang'ono m'habu kuti madzi asalowe, ndipo anapangidwira makalavani onyamula maboti. Zonse ziwiri ndi zothandiza, koma sizionetsa mmene chitsulo chilili m'kati, ndiponso ndi pamene kusakaniza kumachitikira mosavuta, munthu akangobwereka pampu ya mnzake pamalo ogona alendo osafunsa chimene chilimo.

Dexter imalangiza kutsegula ndi kupakanso miyezi 12 iliyonse kapena mamailosi 12,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 19,000, chilichonse chimene chayamba kukwana. Makalavani ambiri safika makilomita amenewo pachaka, ndiye miyeziyo ndiyo imalamula. Yowoloka madzi ofika pa habu, kapena yoyenda masiku angapo m'fumbi ndi m'mabampu a msewu wa dothi ngati wochokera ku Rumphi kukwera ku Nyika, itsegulidwe ikangobwerako, isanaimikidwe. Kudikira ulendo wotsatira ndiko kupatsa dzimbiri miyezi yogwira ntchito.

Pamsewu, atayenda makilomita 20 kapena 30 oyamba, dalaivala aime pamalo abwino n'kuyandikiza kuseri kwa dzanja pa habu iliyonse, mosamala. Kufunda n'kwachibadwa, ndipo girizi watsopano amafunditsa habu pang'ono kufikira atakhazikika. Chofunika ndi kuyerekeza mbali ziwirizo. Imodzi ikatentha kwambiri kuposa inzake, pali buleki yogwira, nati yothina kapena bering'i yoyamba kutha. Kuyezako kusachitike atangotsika phiri, pamene mahabu onse amakhala otentha ndi mabuleki. Kachipangizo koyezera kutentha patali n'kotsika mtengo masiku ano ndipo kamapulumutsa zala.

M'bokosi la zida mukhale mabering'i a habu imodzi opakidwa kale girizi ndi kukulungidwa m'pulasitiki yomata, makapu ake, silu, nati, mapini awiri, kachivundikiro kapadera, ndi chitini cha girizi yemwe uja ali m'mahabu, chotsekedwa bwino. Dzina la giriziyo, nambala za mabering'i, tsiku lopakira ndi makilomita zilembedwe ndi cholembera chosafufutika m'kati mwa chitseko cha kalavani, kuti makaniko aliyense wa m'njira, kapena wodzagula kalavaniyo m'tsogolo, adziwe choti aikemo.